Ndodo ya gofu yasiya kumveka bwino m'manja? Yezani kaye musanayambe kusintha swing

Vuto ili limangobwerabwera pakati pa ife osewera gofu kuno ku Chigwa cha Shire, makamaka amene timasewera ku Nchalo. Munthu wasintha giripi (chogwirira cha mphira chakumapeto kwa ndodo), kapena wadulako ndodo pang'ono chifukwa imatalika, kapena wagula ayironi (ndodo ya mutu wachitsulo yokhala ndi nambala) imodzi ya kaunjika kuti ilowe mmalo mwa ija inathyoka, nde kuchokera tsiku limenelo ndodoyo siikumvekanso mmene imamvekera. Mpira pena kumanja pena kumanzere, pena wakumba pansi mpira usanaufike. Ambiri amathamangira kunena kuti swing, kutanthauza kazunguzidwe ka ndodo, yawonongeka ndiye amayamba kusintha kaimidwe, kagwiridwe, zonse, pomwe nthawi zambiri chomwe chasintha ndi kulemera kwa ndodoyo basi.

Koma kulemera kwa ndodo kulipo kuwiri ndipo apa mpamene anthu amasokonezeka. Koyamba ndi kulemera kwa ndodo yonse, mutu, shafiti (mpini wake) ndi giripi pamodzi, komwe mungaone mukangoiyika pa sikelo. Driver yamakono, ndodo yaitali ija yomenyera patali, imakhala cha mma magalamu 300 mpaka 320, ayironi 7 ya shafiti yachitsulo imapitirira 400. Kwachiwiri ndi swingweight, uku nde kulemera komwe mumamva kumutu kwa ndodo mukaigwira ku giripi nkumaizunguza. Tengani nkhwangwa muigwire kumapeto kwa mpini, kenako muigwire pafupi ndi chitsulo, nkhwangwa ndi yomweyo magalamu ndi omwewo koma mmanja zikumveka zosiyana kwambiri. Ndodo ziwiri zikhoza kufanana swingweight koma ina nkulemera kuposa inzake ndi magalamu 50 kapena kuposa, ndipo thupi lanu lidzadziwa kusiyanako ngakhale sikelo ya swingweight itanena kuti ndi zofanana.

Sikelo ya swingweight anaipanga Robert Adams ku America mzaka za mma 1930, imakhazika ndodo pa malo omwe ali mainchi 14 kuchokera kumapeto kwa giripi nkuona mmene mutu ukukokera pansi. Yankho limabwera ngati chilembo ndi nambala, C8, C9, D0, D1 kumapita choncho, zikamakwera ndiye kuti mutu ukumveka wolemera, ndipo kukwera kulikonse kumodzi timati poyinti. Ndodo zambiri za abambo zochokera ku fakitale zimakhala pakati pa D0 ndi D2, za amayi cha mma C5 mpaka C7, ma wedge, ndodo zazifupi zomenyera pafupi, amalemererako kumutu cha mma D3 mpaka D5.

Musanakhudze chilichonse, onani giripi

Izi ndikuziika patsogolo chifukwa cha kutentha kwathu kuno. Okutobala ndi Novembala ku Nchalo, ku Ngabu mpaka ku Bangula kumafika madigiri 40 nkupitirira, thukuta ndi fumbi zimakanirira pa giripi mpaka imayamba kunyezimira nkumaterera. Giripi ikamaterera manja amafinya okha osawauza, ndipo manja ofinya samva mutu wa ndodo, nde munthu amayamba kunena kuti ndodo yapepuka pomwe palibe galamu ngakhale imodzi yomwe yachoka. Tsukani ndi madzi ofunda, sopo ndi kaburashi, iume pamthunzi, kenako mukayesenso. Ngati mphira yauma gwa kapena yang'ambika pamene pamakhala chala chachikulu, imeneyo yatha, sinthani. Gwedezaninso ndodoyo pafupi ndi khutu. Ngati mukumva kena kakuyenda mkati mwina ndi kachidutswa ka guluu kapena kachitsulo kowonjezera kulemera komwe kamasuka. Pa driver ya kaunjika yang'anani pansi pa mutu ngati pali bowo la sikuluwu lopanda sikuluwu yake, masikuluwu amenewo si okongoletsa ayi, ndi kulemera kumene, imodzi ikasowa mapoyinti angapo apita.

Kuyeza kunyumba opanda sikelo ya swingweight

Sikelo yeniyeniyo si aliyense angaipeze pafupi, koma masamu ake mukhoza kuwachita nokha pakhomo. Pafunika sikelo ya digito yowerenga magalamu ngati zija za kukhitchini, tepi ya telala chifukwa ili ndi mainchi, ndi chinthu chakuthwa mmbali chokhazikapo shafiti monga msana wa mpeni kapena rula yachitsulo yoimika. Sikelo ya pamsika yoyezera chimanga isiyeni, siiona magalamu awiri atatu.

Yezani ndodo yonse mulembe magalamu. Kenako ikhazikeni mopingasa pa msana wa mpeni uja, muzisuntha pang'onopang'ono mpaka ikhazikike yokha osagwera mbali iliyonse, chongani pamenepo ndi pensulo. Yezani kuchokera kumapeto kwenikweni kwa giripi kufika pa chizindikirocho mmainchi, chotsanipo 14, zotsalazo muchulukitse ndi magalamu aja. Yankho likakhala pafupi ndi 6050 ndiye kuti ndi D0, ndipo 50 aliyense wopitirira kapena woperewera ndi poyinti imodzi. Mwachitsanzo ayironi ya magalamu 435 yomwe yakhazikika pa mainchi 28, 28 kuchotsa 14 ndi 14, 435 kuchulukitsa ndi 14 ndi 6090, imeneyo ili pafupi ndi D1. Driver ya magalamu 310 yokhazikika pa mainchi 34 ikupereka 6200, ndiye D3.

Chenjezo langa apa ndi lakuti muyeze modekha kwambiri, chifukwa mukangophonya ndi kagawo kamodzi ka magawo 8 a inchi pa ayironi mwaphonya kale poyinti yathunthu. Bwerezani kangapo, ndipo musadandaule kwambiri ngati nambala yanu ikusiyana pang'ono ndi ya sikelo yeniyeni, chofunika ndi choti ndodo zonse mchikwama muziyeze mwa njira imodzi kuti muone yomwe yapatuka pa zinzake. Lembani zonse mu kope, kutalika, magalamu ndi swingweight ya ndodo iliyonse, ndipo yambani ndi ndodo yomwe mumaikonda, ija mumaitulutsa mosakayika. Nambala za ndodo imeneyo ndi zomwe muzitsatira, osati D2 chifukwa choti munamva kuti akatswiri amagwiritsa D2.

Manambala anayi awa asungeni mmutu chifukwa pafupifupi vuto lililonse mmunsimu likuchokera pamenepa. Magalamu awiri kumutu ndi poyinti imodzi. Theka la inchi pa kutalika ndi mapoyinti atatu. Magalamu 4 kapena 5 owonjezera ku giripi amatsitsa poyinti imodzi. Magalamu pafupifupi 9 pa shafiti ndi poyinti imodzi, ngakhale apa zimatengeranso mbali yomwe shafitiyo yalemerera.

Mwadula ndodo ndipo mutu sukumvekanso

Ili nde vuto lalikulu kuposa onse. Ma driver ambiri amabwera ndi mainchi 45 kapena kupitirira ndipo kwa ambiri a ife ndi yaitali, nde kudula si kulakwa, ine ndimalimbikitsa kumene. Koma mukadula inchi imodzi mwachotsa mapoyinti 6, ndodo yomwe inali D2 yafika C6, ndiye mudzaona swing ikuthamanga, manja akufika msanga, mpira ukumenyedwa paliponse pankhope ya ndodo ndipo kawirikawiri ukukokera kumanzere kwa osewera ndi dzanja lamanja. Mankhwala ake ndi kubwezera kulemera kumutu ndi tepi ya mtovu. Pamasamu pakufunika magalamu 12 kuti mubwerere pa D2 koma musaike onse nthawi imodzi. Yambani ndi 4, menyani mipira, onjezani awiri, menyaninso, ambiri amakhutira asanafike pa 12. Dziwaninso kuti mutu ukalemera shafiti imamveka yofewako.

Tepi ya mtovu imabwera yokhuthala mosiyana, nde musadalire kuyeza ndi maso, dulani chidutswa muike pa sikelo muone. Ikani pansi pa mutu wa driver kapena kumbuyo kwa ayironi, pankhope ayi. Malowo muwapukute ndi sipiriti aume, kenako kanikizani tepiyo ndi mpira wa gofu mpaka igwire mbali zonse, apo ayi ndi kutentha kuno imayamba kutukuka mmphepete nkugwa pakati pa masewera. Ngati ikuvuta kupeza funsani amene amapita ku Blantyre kapena ku Johannesburg akubweretsereni, ndipo ya ma raketi a tenisi imagwira ntchito chimodzimodzi. Mtovu ndi poizoni abale, musadule ndi mano, sambani mmanja mukamaliza ndipo ana asamaseweretse zotsala.

Kuti mudziwe ngati zikuthandiza musangoyang'ana komwe mpira wagwera. Pakani maka ya pa bolodi loyera kapena choko pankhope ya ndodo, menyani mipira isanu kapena isanu ndi umodzi, muone pamene ikukhudza. Kulemera koyenera inu ndi komwe zizindikiro zikusonkhana pakati. Zikayambanso kumwazikana mutawonjezera tepi ndiye kuti mwapitirira, chotsani chidutswa chomalizacho.

Podula, dulani ku mbali ya giripi osati kumutu, kudula kumutu kumalimbitsa shafiti ndipo sikubwezeka. Shafiti ya girafaiti ikulungeni kaye ndi tepi ya pepala pamene mukudulapo, gwiritsani sowo ya mano ang'onoang'ono kuti isanyenyeke, ndipo fumbi lake musapume.

Amene mwalumikiza ndodo kuti italike vuto lanu ndi lotembenuza, inchi imodzi yawonjezera mapoyinti 6, mutu ukumveka ngati ukutsalira kumbuyo ndipo mukukumba pansi. Kuchotsa kulemera kumutu nkovuta kuposa kuwonjezera, nde njira yabwino ndi kuchepetsa cholumikizacho kufika theka la inchi kapena kuika shafiti yopepukirako. Chonde musapite nayo kwa owotcherera kuti akapale pansi pa mutu ndi girayinda, pansipo anapaumba dala kuti ndodo iziyenda bwino mu udzu ndi mumchenga, mukapala mwaononga.

Mwasintha giripi ndipo zinthu zasokonekera

Giripi wamba imalemera cha mma magalamu 50, zonenepa zija zikhoza kupitirira ndi magalamu 10, 20 ngakhale kuposa. Ambiri kuno amakonda zonenepa chifukwa cha thukuta kapena kuwawa kwa mfundo za zala, ndipo zilibe vuto, koma swingweight imatsika mapoyinti awiri kufika anayi. Chimodzimodzi amene amakulunga mphira za chubu cha njinga kapena tepi yakuda ya magetsi pamwamba pa giripi yakutha, ndikumvetsa kuti giripi yatsopano ndi ndalama komanso ndi ulendo wokwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre, koma mphira imeneyo imalemera ndipo simungaikulunge mofanana pa ndodo zonse, iliyonse imatuluka ndi kulemera kwakekwake.

Apa pali chinthu chomwe ndikufuna mumvetse bwino. Giripi yolemera imatsitsa nambala pa sikelo koma mutu wa ndodo sunasinthe, ndi womwewo, ndipo ndodo yonse yalemera osati kupepuka. Nde ngati mwaika giripi yonenepa ndipo mukumenya bwino, isiyeni choncho ngakhale sikelo inene C8. Mukayamba kuthamangitsa nambala nkuwonjezera magalamu 8 kumutu kuti mubwerere pa D2 mupeza kuti ndodo yonse yakwera ndi magalamu oposa 20, zomwe mkono wanu udzazimva pa ma holo omaliza. Onjezani kumutu pokhapokha ngati mutu wasiyadi kumveka, ndipo pang'ono chabe. Ndipo wina akakuuzani kuti ndodo yolemera mutu aikonza poika cholemera ku giripi, dziwani kuti wakonza nambala, ndodo yalemerabe kuposa kale. Alipo osewera ena amene kulemera kwa ku giripi kumawathandizadi kukhazikitsa manja, koma chimenecho ndi chinthu choyesa mwadala osati njira yochepetsera kulemera.

Mukuyamba bwino koma pomaliza mukungokumba

Ichi chimandikhudza kwambiri chifukwa ndimachiona kwa akuluakulu ambiri ndipo amadziimba mlandu kuti akalamba. Ma holo oyamba zonse zili bwino, dzuwa likakwera mipira ikuyamba kufupika, ikuthawira kumanja, ndodo ikugunda pansi mpira usanafike, mapewa ndi zigongono zikuwawa. Apa swingweight ilibe mlandu kwenikweni, yang'anani kulemera kwa ndodo yonse, ndipo chomwe chimalamulira kulemera kumeneko ndi shafiti. Ma seti ambiri a kaunjika omwe amafika kuno ali ndi shafiti zachitsulo za magalamu 120 mpaka 130, ngati Dynamic Gold ija, zomwe ndi shafiti zabwino ndithu koma anapangira munthu wa swing yamphamvu. Zilipo zachitsulo zopepuka za mma 95 mpaka 105, ndipo za girafaiti za ma ayironi zambiri zili pakati pa 60 ndi 85. Kusiyana kwa magalamu 40 kumaoneka kochepa pa pepala koma kuzunguza ndodo imeneyo maola anayi pa dzuwa la kuno ndi nkhani ina.

Musanagule kanthu bwerekani ayironi 7 ya mnzanu ya shafiti yopepuka ndipo muiyese mutatopa kale, mutamaliza kusewera, osati mmawa muli ndi mphamvu zonse chifukwa mmawa ndodo iliyonse imamveka bwino. Komanso musadumphe kwambiri. Munthu wochoka pa 130 kupita pa 60 nthawi imodzi kawirikawiri amataya kayendedwe ka swing yake, ndodo imangouluka mmanja, makamaka ngati ndi munthu wa swing yachangu. Kutsika ndi magalamu 20 kapena 30 kumakwanira kwa ambiri. Mukumbukirenso kuti kuika girafaiti pa mitu yomwe inali pa chitsulo kumatsitsa swingweight ndi mapoyinti angapo, nchifukwa chake mafakitale ambiri amatalikitsako pang'ono ndodo za girafaiti. Inu mukhoza kusankha kutalikitsa pang'ono kapena kuwonjezera kumutu.

Ntchito yosintha shafiti ipatseni munthu wodziwa. Mukakwera ku Blantyre funsani kwa osewera ndi makadi (onyamula zikwama za ndodo) akale ku Blantyre Sports Club kapena ku Limbe Country Club kuti amene amakonza ndodo ndi ndani, ndipo mumuuze nambala zomwe mukufuna asanamate guluu, chifukwa nthawi imeneyo ndi yomwe angalowetse kachitsulo kowonjezera kulemera kunsonga ya shafiti mosaoneka. Shafiti ya girafaiti ikazulidwa moipotokola pamoto imafa mkati ngakhale kunja ioneke bwino. Ndipo zothira mchenga mu shafiti kuti mutu ulemere zisiyeni, mchenga umayendayenda komanso umasunga chinyezi, chitsulo chimachita dzimbiri kuyambira mkati.

Nkhani yomweyi imawapweteka ana ndi amayi amene akuyamba kumene. Timatenga ayironi yakale ya bambo nkuidula mainchi atatu anayi kuti ikwane mwana, nde swingweight imagwa ndi mapoyinti 18 kapena kuposa koma ndodo yonse ikadali yolemera pafupifupi ngati ya wamkulu ndipo shafiti yalimba ngati nsichi. Mwanayo amaphunzira kuinyamula ndi thupi lonse, mpira sukwera, mapeto ake amagwa ulesi pomwe luso analinalo. Tepi ya mtovu apa siithandiza, ikungowonjezera katundu. Ngati ndodo za ana sizikupezeka funani ya amayi ya girafaiti, imeneyo nde mudule pang'ono. Ndodo zitatu zopepuka zimuphunzitsa bwino kuposa chikwama chodzadza ndi zolemera.

Ndodo imodzi yokha ndi yomwe ikuvuta

Zikwama zathu zambiri ndi zophatikiza, ayironi 5 ya seti ina, 6 ndi 7 za ina, wedge yopatsidwa ndi mnzathu. Mu seti yopangidwa pamodzi nambala ya ayironi ikakwera ndi imodzi mutu umalemererapo ndi magalamu pafupifupi 7 ndipo ndodo imafupika ndi theka la inchi, nchifukwa chake zonse zimamveka mofanana. Ikalowa yachilendo dongosolo limenelo laduka. Onani mu kope lija, kutalika kuzitsika mwadongosolo ndipo magalamu azikwera mwadongosolo kuchokera ku ayironi yaitali kupita ku wedge. Mukapeza 6 ikulemera kuposa 8 ndiye kuti shafiti zake ndi zosiyana, ndipo pamenepo tepi siingakonze, pakufunika shafiti yofanana ndi zinzake. Ngati magalamu ali mmalo mwake koma swingweight yokha ndi yotsika, tepi ikwanira. Kusiyana kwa poyinti imodzi kusiyeni, anthu ambiri sakumva nkomwe, yambani kuchitapo kanthu pa mapoyinti atatu. Wedge ikalemererako kumutu ndi bwino, imathandiza mumchenga ndi mu udzu wautali. Chomwe chimavuta kwambiri ndi wedge ya chitsulo cholemera mchikwama cha ma ayironi a girafaiti yopepuka, kudumpha kwake kumakhala kwakukulu ndipo mudzaona kuti ma shoti athunthu a wedge ndi omwe akukuvutani.

Ngati ndodo inali bwino ndipo yasintha yokha osaikhudza, ganizani za komwe mumasunga. Buti ya galimoto yoima padzuwa masana kuno imatentha kwambiri, guluu wa epoxy wogwira mutu amafooka, giripi imauma msanga, tepi imamatuka. Onani kapulasitiki kakuda kaja ka pakhosi pa mutu, ngati kasuntha nkusiya mpata gwirani mutu muyese kupotokola, ukangosuntha ngakhale pang'ono musamenyenso mpira ndi ndodo imeneyo mpaka itamatidwanso, mutu ukhoza kuuluka nkuvulaza kadi kapena mnzanu. Nyengo ya mvula madzi amalowa pa kabowo ka kumapeto kwa giripi, nde mukanyowa tulutsani ndodo zonse mchikwama muzipukute ziume musanazibwezere.

Pa mpikisano, malamulo a R&A, bungwe loyang'anira malamulo a gofu, amalola tepi ya mtovu bola mwaimata musanayambe raundi. Mukayamba simuloledwa kuwonjezera kapena kuchotsa dala, mukatero nkumenya mpira ndi ndodo imeneyo mwachotsedwa mu mpikisano. Ikagwa yokha pomenya mukhoza kuibwezera pamalo pomwe inali. Nde zoyesayesa zonsezi muzichitira pa malo ophunzirira masiku opanda mpikisano, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, giripi kapena kutalika kapena tepi, mukasintha zitatu limodzi simudziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chaononga.